Lesitilanti yathu ya ku Chikanda ndi abale ofuna ntchito

Ine ndi mayi akunyumba tinayamba ndi mapoto awiri ndi mbaula imodzi, kuphikira ana asukulu a ku Chanco amene amachita lendi ku Chikanda. Nsima, nyemba, matemba a ku Kachulu, basi. Malonda a kuno amayendera kalendala ya yunivesite: ikatsegula, pofika 12 koloko mzere wafika panja, ikatseka timangoyang'anana.

Malo atakula tinalemba antchito asanu, ndipo abale anamva msanga. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndiye achemwali atanditumizira mnyamata wawo kuchokera ku Jali, panalibe zofunsa kuti amatha chiyani. Tinamuika polandira ndalama.

Amafika dzuwa litakwera, foni ili kumanja. Anzake amadya pangongole osalembedwa m'buku. Madzulo ndalama zikapanda kugwirizana ndi mbale zimene zatuluka, yankho linali lakuti, "Amalume, mwina ndi chenji." Koma chimene chinandiopsa kwambiri si ndalamazo. Mayi amene amatiphikira, yemwe si mbale wathu ndipo amasonkha moto 5 koloko isanakwane, anandiuza tsiku lina akupala poto: "Bwana, ife tikachedwa timafunsidwa. Aphwanuwa akachedwa amasungiridwa nsima." Anyamata operekera chakudya nawo anali atayamba kukoka miyendo. Munthu angadziphe bwanji ndi ntchito akuona mnzake akulandira zofanana atakhala pansi?

Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira ndi ufa zinakwera moti sitikanathanso kusenza munthu wosagwira ntchito. Tinagula kaundula wosainamo nthawi yofika, aliyense tinamulembera ntchito yake papepala, ndi ine ndemwe. Wolakwitsa timayamba kumuchenjeza pakamwa, kenako kalata.

Apa eni mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amapunthwa. Amapirira mbale chaka chathunthu osanena kanthu, tsiku lina n'kumuthamangitsa ndi ukali. Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limafuna kuti pakhale chifukwa chomveka chokhudza khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, komanso munthuyo apatsidwe mpata wonena mbali yake asanachotsedwe. Silikunena kuti mphwako ndi wosiyana. Akafuna akhoza kukakusumira ku ofesi ya leba kapena ku khoti la Industrial Relations ngati wina aliyense.

Mnyamatayo tinakhala naye pansi, mayi akunyumba ali mboni. Anati masamu amamuvuta, ndiye tinamusuntha kuti azikaoda ndiwo mu msika waukulu wa Zomba. Uko nakonso tomato amafika nthawi ya nkhomaliro itadutsa. Atalandira kalata yachiwiri tinamumvanso, n'kumulipira zonse zimene amayenera kulandira, n'kusiyana naye.

Achemwali anakwiya ndithu. Pamaliro ena kumudzi anandilonjera ngati mlendo. "Achimwene, mwakonda anthu akudera kuposa magazi anu," anatero. Ndinawayankha kuti udindo wanga wa umalume sindinautaye: mnyamatayo ndikumulipirira maphunziro a ukalipentala, koma ndalama zake zikuchokera m'thumba mwanga, osati m'kabati ya lesitilanti.

Panopa wofuna ntchito ya kukhitchini, mbale kaya mlendo, timamupatsa mthiko aphike nsima ya anthu 30, ndipo amene amagamula ndi mayi wophika uja. Mwezi watha msuweni wa mayi akunyumba anayesa, nsima inatuluka ya mibulu. Tinalemba mtsikana wa ku Chinamwali.