Kusandutsa chithunzi cha msewu kukhala ngati chopenta ndi burashi

Ndimagwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi, chifukwa ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yofooka. Chithunzi chomwe ndikukonza ndi cha msewu wa Victoria Avenue ku Blantyre, chojambulidwa cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa litapendeka. Cha masana dzuwa lili paliwombo ndimachipewa: kuwala kumakhala kofanana paliponse, ndiye chikapentedwa chimangoti mbee.

Chithunzicho ndimachitenga m'foni ndi kebulo. Chikadzera pa WhatsApp chimafika chitafinyidwa, chili ndi timabokosi tosaoneka bwino ndi maso, koma fyuluta, chida cha mu GIMP chosinthira maonekedwe a chithunzi, imatikulitsa kukhala madontho onyansa kumwamba ndi pamakoma. Ngati palibe kebulo, chitumizidwe ngati Document.

Ndikachitsegula, ndimalowa pa Image, Scale Image, n'kuchepetsa mbali yaitali ifike mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 2000. Ambiri amadumpha apa, kenako amadabwa kuti palibe chasintha. Fyuluta ya Oilify, yomwe imachititsa chithunzi kuoneka ngati chopenta, imayeza burashi yake ndi mapikiselo, choncho pa chithunzi cha 4000 kaburashi ka 4 sikaoneka n'komwe, ndipo kompyuta imachedwa pachabe.

Ndisanapente ndimayamba ndasesa. Mawaya a magetsi ndi majumbo a m'ngalande ndimawafufuta ndi Heal kapena Clone. Mawaya ndiwo amavuta kwambiri, chifukwa fyuluta imawadula zidutswazidutswa, amaoneka ngati pepala lang'ambika.

Tsopano ndimapanga maleya atatu ofanana, kutanthauza makope a chithunzicho osanjikizana. Pa leya yapansi ndimaika Filters, Artistic, Oilify, Mask radius (kukula kwa burashi) 8, Exponent 8. Nyumba, mitengo ndi tala zimasungunuka bwino. Koma taonani anthu: nkhope zaphwanyika, mawu a pa minibasi sakuwerengekanso. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Fyuluta imapaka paliponse mofanana, pomwe wopenta weniweni amasamala malo amodzi kapena awiri, kwinako n'kungodutsa ndi burashi yaikulu. Ndiye pa leya yachiwiri ndimaika Oilify yomweyo koma Mask radius 3, n'kuwonjezera Layer Mask yakuda kuti leyayo ibisike. Ndi burashi yofewa yoyera, Opacity 50, ndimapaka pa Layer Mask imeneyo kuti leyayo ionekere pamene ndikufuna diso liime: mayi wosenza dengu, kutsogolo kwa minibasi, chikwangwani chimodzi. Chimodzi basi. Ndikabweza zikwangwani zonse chithunzicho chimabwerera kukhala cha kamera. M'mphepete mwa malo opakawo ndimadutsa kawiri katatu mopepuka, apo ayi munthuyo amaoneka ngati womata.

Leya yachitatu ndi ya mizere. Ndimachotsa mitundu ndi Desaturate, kenako Edge-Detect, Edge, n'kutembenuza ndi Invert kuti mizere ikhale yakuda pa zoyera. Mode ikhale Multiply, Opacity 25. Zenera ndi denga zimapezanso mawonekedwe ake. Opacity ikapitirira 40 chithunzicho chimasanduka katuni.

Mitundu sindichedwa nayo: New from Visible, yophatikiza zonse zooneka kukhala leya yatsopano, kenako Saturation ndimakweza ndi 15. Dothi lofiira ndi zitenje zimapsa msanga zikapitirira pamenepo.

Nsalu, kutanthauza maonekedwe a nsalu yopentapo, ndiyo yomaliza. Apply Canvas, Depth 2. Ena amaikonda yokhuthala, koma ine ndimaona kuti pa foni imapanga timizere tovina m'maso chithunzi chikachepetsedwa, ndiye cha pa Facebook nthawi zina ndimachisiya chopanda nsalu.

Ndimasunga kawiri: XCF, mtundu wa fayilo wa GIMP, kuti maleya asatayike, ndi JPEG ya Quality 90 yotumiza. Chenjezo lili pa kusindikiza. Mapikiselo 2000 pa 300 ppi (mapikiselo 300 pa inchi iliyonse) amangokwana masentimita pafupifupi 17. Pepala la A4 limafuna 3508 mbali yaitali, choncho ndimayambira pa kukula kumeneko, ndipo manambala a burashi ndimawakwezanso: 8 akhale 14, 3 akhale 5.