Nandolo m'munda wa chimanga: zoyenera kusamala

Nandolo amachedwa kukula m'miyezi iwiri yoyambirira, ndipo n'chifukwa chake amagwirizana ndi chimanga. Chimanga chikamathamangira kumwamba, iye amakhala akuzamitsa muzu wake waukulu pansi, kupyola dothi lolimba lomwe khasu silifikako. Mukakolola chimanga m'pamene amatambasula nthambi, akumwa chinyezi chakuya pomwe mbewu zina zonse zauma. Pamizu pake pamatuluka timibulu tomwe timakoka nayitirojeni kuchokera mumpweya, ndipo masamba amene amayoyoka amawolera m'munda momwemo. Musawatenthe masamba amenewa, ndiwo chonde cha chaka chamawa.

Bzalani ndi mvula yoyamba, tsiku limodzi ndi chimanga, pamzera womwewo pakati pa mapando a chimanga. Phando ndi phando zitalikirane masentimita 90, njere ziwiri kapena zitatu paphando, kuya masentimita 3 mpaka 5. Mukazikwirira kwambiri zimamera mwa apo ndi apo. Malo a lowe apeweni, chifukwa madzi akadikha masiku angapo mizu imawola. Palirani msanga, poti nandolo wamng'ono sapikisana ndi udzu. Amabzalidwanso ndi mtedza, ndipo chimanga chobwera pamalopo chaka chotsatira chimaoneka bwino.

Mtundu wa mbewu ndi pamene ambiri amalakwitsa. Sauma ndi Kachangu amatenga miyezi 8 kapena kuposerapo, ndipo amayenera ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, komwe chiperoni chimabweretsa kamvula ka m'nyengo yozizira. Kumadera komwe mbuzi zimamasulidwa chimanga chikangochoka m'munda, monga m'chigawo chapakati, mitundu imeneyi imadyedwa isanakhwime. Kumeneko bzalani Mwaiwathu Alimi, yemwe amacha pa miyezi 5 kapena 6. Njuchi zimasakanizanso mitundu ya nandolo wa minda yoyandikana, choncho mbewu yobwereza zaka zambiri imataya khalidwe lake.

Matenda oopsa ndi kufota. Chomera chimanyala ngati chasowa madzi, nthawi zina mbali imodzi yokha, kawirikawiri chikayamba maluwa. Zulani chimodzi, ng'ambani tsinde: mukaona mizere yakuda kapena yofiirira m'kati, ndi omwewo. Kupopera mankhwala sikuthandiza, chifukwa nkhungu yake imakhala m'dothi kwa zaka. Zulani zodwalazo, zitentheni, ndipo pamalopo papume nandolo zaka zitatu. Sauma, Kachangu ndi Mwaiwathu Alimi amapirira matendawa.

Mbozi zoboola zitheba zimayamba ndi maluwa. Yenderani munda kawiri pasabata kuyambira pamene maluwa ayamba, chifukwa mbozi ikakula n'kulowetsa mutu m'chitheba, mankhwala amaigwira movutikira. Poperani madzulo, njuchi zitachoka.

Wamuwisi amathyoledwa njere zikadzaza, n'kuphika makata kapena ndiwo. Wouma kololani zitheba zambiri zikauma n'kumalira mukagwedeza, koma zisanayambe kuthetheka. Yanikani, menyani, petani, ndipo njere ikamasweka ndi dzino m'malo mofinyika, ikani m'matumba osalowa mpweya a PICS, chifukwa anankafumbwe amachokera nawo kumunda. Mitengo yake ndi nkhuni zabwino. Ngati munda unalibe kufota, mutha kudula mitengoyo pamsinkhu wa bondo kuti iphukire chaka chachiwiri.

Nandolo wambiri wogulitsa amapita ku India. Mu 2017 dzikolo litachepetsa nandolo amene limagula kunja, mtengo unagwa kwambiri kuno, ndiye pogulitsa muzisiyako wa chipere cha pakhomo ndi wa mbewu.