Tiyi wa ku Berry Hill, kwawo kwa Dennis Potter

Basi yomwe ndinkaidalira inandisiya ndikuiona. Ndinali ndisanafike pa siteji, ndinangoona kumbuyo kwake ikukhota pakona, ndipo kamvula kofanana ndi chiperoni cha kwathu ku Thyolo kanali katayamba kale kulowa m'jekete. Uku kunali ku Berry Hill, mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Forest of Dean ku England, Loweruka lina la mu Epulo, nthawi itangopitirira 5 koloko madzulo. Foni inali itatsala pang'ono kuzima. Pamsewu panalibe munthu, koma nkhosa zitatu zomwe zinagona pafupi ndi phula, osasamala za galimoto, monga zimachitira mbuzi pamsewu wa ku Bvumbwe.

Chinanditengera kumeneko ndi ntchito yanga. Ndimasamalira okalamba mumzinda wa Gloucester, ndipo pa agogo amene ndimawasamalira panali ena odwala matenda a khungu, aja khungu limafiira n'kumafundula ngati mamba a nsomba. Usiku uliwonse ndinkawapaka mafuta pamsana ndi m'zigongono. Tsiku lina anandiuza kuti ndikhale pansi tionere limodzi The Singing Detective, sewero la pa kanema la mu 1986, momwe wosewera Michael Gambon ali gone m'chipatala thupi lonse litasupuka. Ndinkayembekeza kuti awawidwa mtima. Iwo ankaseka mpaka misozi, makamaka pamene madokotala ndi manesi asiya kuyeza wodwala n'kuyamba kuimba ndi kuvina nyimbo yakale. Anati amene analemba zimenezi ankadwala matenda omwewo, ndiye sananame. Agogowo anamwalira chaka chatha. Dzina la wolembayo ndi lomwe linanditsalira: Dennis Potter, mwana wa munthu wokumba malasha, wobadwira ku Berry Hill pa 17 Meyi 1935.

Za ulendo wa m'mawa palibe zambiri. Basi kuchoka ku Gloucester ndinalipira mapaundi atatu, mtengo womwe boma linaika kuti usapitirire pa ulendo umodzi. Ndinatsikira ku Cinderford n'kutsetsereka wapansi mpaka ku Soudley, kumene kuli Dean Heritage Centre, nyumba yosungiramo mbiri ya dera lino yomwe ili pambali pa dziwe. Kumeneko ndi kumene amasunga mapepala a Potter. Ndinaima nthawi yaitali pamaso pa zolemba zake, chifukwa zonse ankalemba pamanja, pomwe manjawo nyamakazi inali itawapinda ngati zibakera. Matendawa anamugwira ali ndi zaka za m'ma 20, ndipo panafika nthawi yoti cholembera ankachita kumangirira kudzanja. Ine amene ndimadziwa mmene chala chotupa chimawawira ukangochikhudza ndi thaulo, ndinalephera kungodutsa. Tiyi wa pamenepo ndi wokwera mtengo, nyamulani wanu mu fulasiki.

Masana ndinafika ku Coleford, n'kukwera mtunda wapansi kupita ku Berry Hill. Musayembekezere chipilala chachikulu kapena wokulonderani. Ndi nyumba za miyala ndi njerwa, bwalo la mpira wa ragibe, tchalitchi cha Christchurch kumene anakwatira Margaret Morgan, mtsikana wa konkuno, mu 1959, ndi kanyumba kopemphereramo ka Salem komwe ankapita ali mwana. Ndinazungulirazungulira, kuyang'ana mitengo ikuluikulu yomwe imayambira pamene nyumba zathera, mpaka nthawi inanditaya.

Ndili chiimire pa siteji paja, galimoto yakale yofiira inadutsa, kenaka inabwerera chafutambuyo. Anatsitsa galasi bambo wachikulire, wa zaka zoposa 80 ndithu, atavala kapusi. Anandifunsa ngati ndikudikira basi, n'kupukusa mutu asanamve yankho. Anati ina ibwera koma patali, ndipo sangasiye munthu akunyowa pakhomo pawo. Ndinazengereza. M'dziko lino tinazolowera kuti mlendo salowa m'nyumba ya munthu popanda kupangana tsiku ndi ola. Koma kumpando wakumbuyo kunali mayi okalamba atafukata thumba la zogula, akundikodola ndi dzanja, ndipo ndinakwera.

Nyumba yawo inali pafupi, mwina mphindi ziwiri. Anandikhazika pafupi ndi moto, mayiwo n'kutenga jekete langa kukaliyanika pampando. Panabwera tiyi wamkaka wokoma kwambiri, buledi wootcha, ndi jamu wa mapulamu amene anaphika okha. Anati mapulamuwo ndi a mtundu wa Blaisdon, wa kudera lomwe lino. Bambowo ankanditchula kuti butty, mawu a konkuno otanthauza mnzanga, ndipo Chingelezi chawo chinali cholemera moti mawu ena ndinkangowamvera pankhope.

Atamva chomwe ndadzera, anaika kapu pansi.

"Mwabwera ulendo wonsewu chifukwa cha Dennis?"

"Eya bambo, ndimafuna ndione kumene anakulira."

"Bambo anga ankakumba malasha ku Cannop, mgodi womwewo umene ankagwirako bambo ake. Mayi anga anamwalira asanamukhululukire."

Ndinafunsa kuti analakwanji. Nkhani yake ndi iyi. Potter anali mwana wanzeru zoopsa. Anapambana mayeso, anapita ku Bell's Grammar School ku Coleford, kenaka ku New College ku Oxford, malo omwe ana a okumba malasha sankawalota n'komwe. Ali komweko, mu 1958, anaonekera pa kanema wa BBC m'pologalamu yokamba za kusiyana kwa anthu apamwamba ndi anthu wamba, n'kufotokoza poyera mmene sukulu inamutalikitsira ndi bambo ake m'nyumba imodzi. Nyuzipepala ina inalemba kuti mwana wa mgodi akuchita manyazi ndi kwawo. Mu 1960 anabweranso ndi makamera kudzajambula Between Two Rivers, pologalamu ya dera lino lomwe lili pakati pa mitsinje ya Severn ndi Wye. Anajambula makolo ake, anthu a m'mudzi, gulu la malipenga, iye n'kumalankhula pamwamba pa zithunzizo za mmene moyo wa kuno unkamupanikizira ali mnyamata.

"Tinamutsegulira zitseko," anatero bambowo, "iye n'kukatiyala pa mphasa dziko lonse likuona. Zomwe ananena sizinali zabodza ayi. Chinatiwawa n'choti anauza alendo asanatiuze ife."

Mayiwo anawadula. Anati amuna awo asaiwale kuti mnyamatayo anadzitsutsa yekha, ndipo anachita zimenezo pa kanema yemweyo. Ankanena za Stand Up, Nigel Barton, sewero la mu 1965, momwe mwana wa wokumba malasha wophunzira ku Oxford akhala pabalaza ndi makolo ake kuonera pologalamu yomwe iye akuwanyoza mosadziwa. Anati usiku umene linaonetsedwa, aliyense kuno anadziwa kuti munthuyo akupepesa, ngakhale sanatchule mawu oti pepani. Bambowo anangoti mwina, n'kundithirira tiyi wina.

Apa m'pamene buledi anandikanira pakhosi. Ine ndine woyamba m'banja mwathu kufika ku yunivesite. Nditabwera ku holide yoyamba, ndinawakonza bambo anga katchulidwe ka mawu ena a Chingelezi pamaso pa anzawo a kutchalitchi. Iwo anaseka nawo, koma kuyambira tsiku limenelo akafuna kundifunsa kanthu ankadzera kwa amayi. Ndipo kuno ku Ulaya, kangati ndafotokozera azungu za kwathu, za nyumba yofolera udzu, za madzi a pachitsime, ndikuona nkhope zawo zikumva chisoni, ine n'kumawonjezera pang'ono chifukwa nkhani ikugwira? Amene ndimawanenawo samva zimene ndikunena, ndipo sangandiyankhe. Ndinawauza okalamba aja zimenezi, zomwe sindinauzepo ngakhale anzanga a ku Malawi amene timasonkhana nawo Lamlungu. Ndinawauzanso za agogo anga aamuna amene anapita ku Joni pa Wenela, n'kubwerako ndi sutikesi yachitsulo, njinga, ndi chifuwa chomwe sichinathe mpaka imfa. Bambowo anagwedeza mutu n'kuloza pachifuwa pawo. Anati bambo awo nawonso fumbi la pansi ndi lomwe linawatenga. Mgodi waukulu womaliza kuno, wa Northern United, unatsekedwa pa Khrisimasi ya 1965. Kunangotsala timigodi ting'onoting'ono ta anthu amene ali ndi ufulu wakale wokumba paokha: munthu wobadwira m'dera la St Briavels, wopitirira zaka 21, amene wagwira pansi chaka chimodzi ndi tsiku limodzi.

Chimene ndimamulemekezera Potter n'choti bala limeneli sanalibise, ndipo sanasamukire nalo kutali. Anayesa ndale, anaimira chipani cha Labour ku East Hertfordshire mu 1964 n'kugonja, ndipo matenda atamutsekera njira zina anatembenukira ku masewero a pa kanema. Ankakhulupirira kuti kanema ndi bwalo lokhalo limene wokumba malasha ndi mphunzitsi wa ku Oxford angaonere chinthu chimodzi usiku umodzi. Zisudzo za pa siteji analembako, monga Sufficient Carbohydrate ya mu 1983, koma mtima wake unali pa kabokosi ka pabalaza. Ndipo nkhalango iyi imangobwerabwera m'zolemba zake. Mu Pennies from Heaven ya mu 1978, Bob Hoskins ndi wogulitsa mapepala a nyimbo amene akumana ndi mphunzitsi wa kuno, ndipo anthu akasowa mawu amatsegula pakamwa n'kutuluka nyimbo za m'ma 1930. Mu Blue Remembered Hills ya mu 1979, ana a zaka 7 akusewera m'nkhalango m'chilimwe cha 1943, koma osewera ake ndi akuluakulu ovala makabudula, mmodzi mwa iwo Helen Mirren. Ukamaonera umayamba ndi kuseka, kenaka umaona nkhanza za ana zili poyera popanda chozibisa, mpaka mmodzi apsera m'khola. Sewero limeneli mpaka lero amalichita m'masukulu ndi m'mabwalo a zisudzo. Si zonse zimene anthu anazilandira. Brimstone and Treacle BBC inaijambula mu 1976 n'kuitsekera m'kabati mpaka 1987, ndipo Blackeyes ya mu 1989 anainena kwambiri chifukwa cha mmene inaonetsera akazi. Ineyo pa sewero limenelo ndili kumbali ya omutsutsa.

Mayiwo ndi amene anatchula za imfa yake. Anati aliyense wa msinkhu wawo amakumbukira kucheza kwake komaliza ndi muulutsi Melvyn Bragg pa kanema wa Channel 4, mu Epulo 1994. Anali atauzidwa mu Febuluwale kuti ali ndi khansa ya kapamba yomwe yafika kuchiwindi. Anakhala pamaso pa kamera ndi ndudu m'dzanja lopindika lija, akumwa mankhwala opha ululu a mofini kuchokera m'kabotolo, n'kunena kuti chotupacho wachipatsa dzina loti Rupert, potengera Rupert Murdoch, mwini nyuzipepala zambiri, amene Potter ankamuda chifukwa cha zomwe anachita ndi nyuzipepala za dziko lino. Anakambanso za maluwa a mtengo wa mapulamu pawindo lake ku Ross-on-Wye, kuti chaka chimenecho ankawaona oyera kuposa kale lonse chifukwa ankadziwa kuti sadzawaonanso. Ankadzuka m'mamawa kulemba masewero awiri omaliza, Karaoke ndi Cold Lazarus, ndipo anapempha kuti BBC ndi Channel 4 agwirizane powajambula. Zinachitikadi, anaonetsedwa mu 1996. Nthawi yonseyi mkazi wake Margaret nayenso ankadwala khansa. Anatsogola pa 29 Meyi, iye n'kutsatira pa 7 Juni, patangopita masiku 9, ali ndi zaka 59.

"Mtsikanayo anali wa kuno," anatero mayiwo. "Ndiye amene ankamusintha nsalu za pabedi khungu likayoyoka. Za iyeyo sajambula mapologalamu."

Pamenepo ndinawamvetsa bwino, chifukwa ntchito imeneyo ndi yanga.

Kunja kunali kutada. Bambowo anakana zoti ndibwerere pa siteji, ananditengera pa galimoto mpaka ku Coleford, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya pamsika, kumene ndinapeza basi ya ku Gloucester. M'njira ankayendetsa pang'onopang'ono, ati usiku nguluwe zimadumpha msewu ndipo zaphwanyitsa galimoto zambiri. Ndinatulutsa mapaundi khumi a mafuta, iwo anandibwezera dzanja mwaukali ndithu.

Amene mukufuna kupitako, mverani izi. Mabasi a m'midzi ya kuno ndi ochepa, madzulo amatha msanga, ndipo Lamlungu ndiye musayese n'komwe ngati mulibe galimoto. Zimandipweteka kuti dziko lolemera chonchi limasiya okalamba a m'midzi opanda choyendera, pomwe kwathu ukaima pamsewu sipatha theka la ola kabaza kapena minibasi isanatulukire. Ndandanda yomwe ili pa intaneti musaikhulupirire yokha, funsani dalaivala pokwera kuti yomaliza ibwerera nthawi yanji. Valani nsapato zolimba, matope a m'nkhalango ndi oterera. Ku Symonds Yat, komwe anthu amakaonera mtsinje wa Wye ali pamwamba pa thanthwe, ndi pafupi ndi Berry Hill, koma ine sindinafikeko, ngakhale ku Ross-on-Wye komwe ndinkafuna kukathera tsiku.

M'basi ndinapeza kuti mayi aja anandiikira botolo la jamu m'thumba la jekete, lokulungidwa m'nyuzipepala. Ndinafika kunyumba cha m'ma 9 koloko, ku Malawi ili 10, nthawi yoti bambo anga anagona kale. Ndinawaimbira m'mawa mwake asanapite kutchalitchi. Anayankha amayi monga mwa masiku onse, ndipo ndinawapempha kuti apereke foni kwa bambo.