Kuveka chitenje munthu wa mu kompyuta: zimene ndakumana nazo mwezi uno

Thupi la mayi wogulitsa nthochi amene ndikuumba mu Blender, pulogalamu ya pakompyuta youmbira zithunzi za 3D, ndinalimaliza mwezi watha. Nkhope, mapewa, zala zonse, chilichonse chili m'malo mwake. Ndinkangoti kumuveka ndi ntchito ya tsiku limodzi. Lero papita masabata atatu ndipo chitenje chake ndachiumba kasanu.

Ndikugwiritsa ntchito Blender chifukwa ndi yaulere. Anaiyambitsa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands, ndipo kuyambira 2002 aliyense ali ndi ufulu woitenga ngakhale kuisintha. Akatswiri ambiri amaumbira mu ZBrush, zovala n'kusokera mu Marvelous Designer ya ku South Korea, mmene umadula nsalu zidutswazidutswa ngati telala. Koma zonsezo n'zolipira, ndipo thumba langa silinafike pamenepo.

Ndinayamba ndi bulauzi. Njira yake ndi yachidule: umapaka mask (utoto wongosonyeza malo amene wasankha) pachifuwa, pamsana ndi pamikono, n'kuchita Mask Extract, mbali yopakidwayo imatuluka payokha, kenako umaipatsa kuchindikala ndi Solidify. Zinatuluka ndithu, koma mayiyo ankaoneka ngati wamatidwa dothi. Pofuna kukonza ndinatenga burashi ya Crease n'kukumba makwinya paliponse pamene dzanja lafika. Chitenje ndinachichitanso chimodzimodzi. Mapeto ake chinafanana ndi jumbo yofinyidwa.

Amene anandimasula ndi azakhali anga, amene amasoka zovala pakhonde pawo. Anayang'ana laputopu kanthawi n'kundifunsa kuti, "Iwe mwana, nsaluyi yagwira pati? Nanga bulauzi yopanda msoko inalowa bwanji m'thupi?" Ndinasowa choyankha. Anatenga chitenje cha mamita awiri, anachizunguliza m'chiuno, n'kutsomeka nsonga kumanzere. "Taona apa," anatero. Makwinya onse ankachokera pamene atsomekapo, atathithikana, n'kumatakasuka akamatsika, mpaka kumunsi nsalu n'kungolendewera yosalala. Ataponya mwendo kutsogolo, bondo linakoka nsalu ndipo panabadwa mizere itatu yopingasa yolunjika kubondoko. Atabweza mwendo, mizereyo inazimirira.

Kenako anatulutsa zitenje ziwiri, china chatsopano, china chochapidwa zaka zambiri. Chatsopanocho n'chouma, chimapindika malo ochepa, makwinya ake akuluakulu a m'mbali mwakuthwa. Chakalecho chimatsata thupi, timakwinya take n'ting'onoting'ono tofewa. Mayi wogulitsa nthochi pamsika savala chatsopano tsiku lililonse, ndiye ndinasankha chakale. Apa mpamene ndinazindikira kuti ndisanagwire burashi ndiyenera kudziwa zinthu ziwiri: nsalu yakanirira pati, ndipo ndi yamtundu wanji.

Kachisanu ndinasintha njira. Ndinakonza nsalu yosalala yozungulira miyendo, ndinakhoma mzere wa m'chiuno ndi pin group (ngati mapini a telala) kuti usagwe, thupi ndinalipatsa collision kuti nsalu isalibowole, n'kusiya kompyuta igwetse nsaluyo yokha. Makwinya akuluakulu anabwera mwachibadwa. Ang'onoang'ono ndinawonjezera ndi burashi ya Cloth, imene inabwera mu Blender 2.83 m'chaka cha 2020. Burashi imeneyi ndi yokoma koma ndi yonyenga: ukaikonda kwambiri umabwerera ku jumbo ija. Pabulauzi ndinajambula misoko ya m'mapewa, ya m'mbali ndi mpendero wa m'munsi, ndipo misoko yokhayo inasintha dothi lija kukhala chovala.

Tsiku lina magetsi anathima ndili mkati moumba duku la mayiyo, batire la laputopu nalonso linafa kalekale, maola awiri n'kupita choncho. Pano Ctrl+S, yosungira ntchito, yalowa m'zala.

Zokongoletsa sizinandivutitse kwenikweni, kupatula phunziro limodzi. Pa mkanda wa m'khosi ndinaumba kamkanda kamodzi kokha, n'kukachulukitsa ndi Array, n'kutitsatitsa pa Curve, mzere wokhota wozungulira khosi. Koma kampira kamene Blender imakupatsa poyamba kali ndi timbali (tizidutswa timene timapanga chithunzi, tikachuluka kompyuta imalemedwa) 512, ndiye timikanda 60 tinadya timbali 30,720, pa kanthu kamene munthu sakaona n'komwe akaima patali. Nditachepetsa kufika pa timbali 48 kalikonse, mkanda wonse unatsika pa 2,880 ndipo m'maso simunasinthe kanthu. Ndolo ndi patapata zinatha madzulo amodzi.

Duku lokha ndi limene likundiimitsabe mutu. Mfundo yake ndi nsalu yopiringizana yolowa mwa inzake, ndipo ndikaiumba imatuluka ngati mandasi. Azakhali andimangira duku pa mphika wovundikira kuti ndizilizungulira ndikuona kumene nsonga iliyonse yalowera. Mphikawo uli pa tebulo pano. Ndikathana nalo ndiyamba retopology (kuyalanso timbali mwadongosolo), kenako UV (kuyala bwino maluwa a nsalu pa chithunzicho), chifukwa maluwa a pachitenje panopa atambasuka pathako ngati kuti mayiyo wakhalira utoto wosauma.