Mbiri ya moyo wanga, gawo la 9: Uthenga unapita ku boma, ine ndili kutsidya

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti ndachedwa nalo gawoli. Mayi a ku Johannesburg amene munalemba kuti gawo la 8 linakupitiritsani siteji ya basi, pepani ndithu. Koma inu bambo amene munandikonza kuti Makhanga ili ku Chikwawa, khalani pansi. Makhanga ndi Nsanje. Ndipo kusadziwa kwa mtundu umenewu ndi kumene kunandimana maliro a mayi anga.

Mukukumbukira kuti nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku Nsanje. Kwathu ku Dedza anthu anangogwira pakamwa: kotentha kuja, kumapeto kwa dziko? Inenso ndinkaganiza kuti Nsanje ndi malo amodzi, umatsika basi n'kufika. Ndinadziwa zenizeni nditaona mapu pa khoma la ofesi. Bomali ndi lowonda, Mozambique italizinga mbali zitatu. Kumtunda kwake mtsinje wa Shire umalidula pawiri, ndipo ukangokumana ndi Ruo pa Chiromo umasanduka malire a dziko. Mafumu ambiri ali kumadzulo: a Mbenje cha ku Bangula, a Tengani, a Malemia pa boma penipeni pomwe azungu ankati Port Herald, a Chimombo, a Ndamera kulowera ku Marka. A Nyachikadza ali m'dambo la Ndindi, kofika pa bwato. Palinso a Ngabu, osati Ngabu ya ku Chikwawa ija, mwina n'zimene zinakusokonezani bambo. Kutsidya, kum'mawa kwa Shire, kuli dera la a Mlolo: Makhanga, Fatima, Muona. East Bank. Ine anandiponya kumeneko.

Kale kuoloka sikunali nkhani, sitima ya pamtunda inkadutsa pa mlatho wa Chiromo kupita ku Bangula. Koma mu 1997 madzi osefukira anakokolola njira pakati pa mlathowo ndi Bangula, pamalo potchedwa Mtayamoyo. Dzina lokhalo. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna ku boma ankakwera bwato, njinga itagonekedwa pa miyendo, maso ali pamadzi kuopa ng'ona. Ukafika pa Bangula n'kuyambanso kudikira matola a ulendo wa makilomita pafupifupi 50.

Chaka chotsatira, mu Ogasiti, mayi anadwala masiku atatu okha.

Achimwene anga aakulu aja, omwe mukuwadziwa kuchokera pa nkhani ya munda wa mbatata, anatumiza telegalamu. Analemba dzina langa, n'kuwonjezera mawu amodzi: Nsanje. Sukulu sanaitchule. Uthengawo unapita ku boma, n'kukagona pa tebulo mu ofesi ina, pansi pa mulu wa mafayilo, kudikira munthu wa kutsidya. Sinditchula ofesiyo. Munthu amene anauika pamenepo mwina anamwalira kale.

Anabwera nawo ndi ahedi, pochokera ku msonkhano wa kumapeto kwa mwezi. Ndikuwaonabe. Dzuwa linali litapendeka, ine ndili pakhonde ndikusankha mpunga m'lichero. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa nimu, buluku litanyowa mpaka m'mawondo, ndipo sananene nthabwala yawo ya masiku onse ija yoti Achewa sitidziwa kuphika nsomba. Anavula chipewa. Anatulutsa kajumbo ka shuga m'thumba la malaya, m'kati mwake muli pepala lopinda kanayi, kuti lisanyowe pa bwato.

"Aphunzitsi, ikani lichero pansi kaye."

Ndinawerenga mawu anayi aja: AMAYI ATISIYA BWERANI MSANGA. Kenako maso anagwera pa deti. Panali patapita masiku 9. Ndinawerenga ndi zala, ngati mwana wa Sitandade 1, n'kubwerezanso, kuganiza kuti ndalakwitsa. Msanga wake uti? Tsiku limene ankawaika m'manda ine ndinali m'kalasi, ndikuphunzitsa ana nyimbo ya kuchulukitsa, ndikuomba m'manja. Ndinaseka tsiku limenelo. Ndinadya nsima ya mlamba n'kukhuta. Zimenezi ndi zimene zimandiwawa mpaka lero, kuposa imfa yeniyeniyo. Nkhuku zinabwera kudzajompha mpunga uja ndili chikhalire, ndipo amayi oyandikana nane, Asena aja amene ndinakuuzani kuti anandiphunzitsa kupalasa njinga, ndiwo anayamba kulira m'malo mwanga.

Chopweteka china n'chakuti ine kuti ndipite ku Dedza sindinkafunika kuoloka Shire n'komwe. Msewu wa fumbi wochoka ku Fatima umakatulukira pa Thabwa, n'kukwera phiri kulowa Blantyre. Uthengawo ukanandipeza tsiku lomwelo, ndikanafika asanatseke bokosi. Koma pepala limatsata boma, ndipo boma langa linali kutsidya kwa madzi.

Tsopano kwa inu achimwene, popeza ndamva kuti ana anu amakuwerengerani zimene ndimalemba pano. Munauza mudzi wonse kuti ndinakana kubwera chifukwa ndinayamba kudzimva ndi malipiro a boma. Pa tsiku lometa simunandipatse moni. Kalata zanga zonse zinali ndi dzina la sukulu pamwamba, ndipo zinali m'sutikesi ya mayi, m'nyumba momwe munagona usiku wa maliro. Sindikuti munachita dala. Ndikuti pa zaka zonsezi simunandifunsepo kuti uthengawo unandipeza liti. Pepalalo ndikadali nalo, m'kajumbo komweko.

Ena mwafunsa chifukwa chake sindinapemphe kusamuka. Ndinakhala kutsidyako zaka zina 17. Ndinakwatiwa komweko, ana atatu anabadwira pa chipatala cha Trinity ku Muona, Chisena ndinachidziwa mpaka kumalota nacho. Ku Dedza ndikanabwerera kwa ndani?

Anandichotsa ndi madzi a mu Januwale 2015, Ruo atasiya njira yake n'kulowa m'midzi ya Makhanga usiku. Mmene tinakwerera pa denga la kalasi, komanso chimene bambo a ana anga anasankha kunyamula m'malo mwa masatifiketi anga, ndidzakuuzani mu gawo la 10.