Mawu othokoza onse amene anathandiza kuika magetsi a sola pa ofesi ya msika wathu

M'malo mwa komiti ya ochita malonda pamsika wathu kuno ku Blantyre, ndikuthokoza poyera onse amene anatithandiza kupeza ndalama zoikira magetsi a sola padenga la ofesi ya msika, nyumba yomwe mwini wake ndi khonsolo ya mzinda. Sabata yatha amisiri anamaliza ntchito, ndipo tsopano mababu a pageti, a m'zimbudzi ndi a mu ofesi akuyaka ngakhale magetsi ena atathima.

Ganizoli linabwera mu 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Miyezi imeneyo amayi ogulitsa usipa ndi masamba ankalongedza katundu dzuwa lisanalowe poopa mdima, ndipo alonda ankazungulira mabenchi ndi tochi ya pafoni. Aliyense ankavomereza kuti sola ikufunika, koma funso linali lakuti ndalama zichokera kuti, makamaka poti nyumbayo si yathu.

Choyamba ndithokoze inu amalonda anzanga, amene munavomera kusonkha kangachepe pamwamba pa chiphaso cha tsiku ndi tsiku, ngakhale pa masiku amene malonda sanayende. Ena munkatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba muli kumudzi kokolola, ndipo amayi a banki m'khonde ya pamsika anatibwereka ndalama pa chiwongoladzanja chochepa kuposa chomwe amabwerekana okhaokha. Zimenezi sitidzaziiwala.

Nthawi yovuta kwambiri inafika mu November 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mapanelo, mabatire ndi inveta (chipangizo chosintha mphamvu ya m'batire kukhala magetsi onga a m'nyumba) zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola, choncho mtengo womwe tinali nawo papepala unatha ntchito m'masiku ochepa, ndipo ndalama zomwe tinkaganiza kuti zatsala pang'ono kukwana sizikanagula ngakhale batire ndi inveta pamodzi. Ambiri anataya mtima, ena n'kupempha kuti tingogawana zomwe tinasonkhazo. Apa ndi pomwe ndikuthokoza mwapadera mmisiri amene anagwira ntchitoyi, yemwe ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, chifukwa sanatikakamize kugula zinthu zazikulu kuti apeze phindu lochuluka. Anakhala nafe pansi, tinawerengera limodzi babu lililonse ndi maola amene limayaka, ndipo anatilangiza kuti ketulo ndi mbaula yamagetsi zisalumikizidwe ku sola, popeza ndizo zimamaliza batire msanga. Anatilolanso kugula zipangizo pang'onopang'ono, kuyambira mapanelo, kuti ndalama zisamangokhala m'buku zikutha mphamvu. Anayang'anitsa mapanelowo kumpoto, ndipo anatiuziratu kuti mu June ndi July, chiperoni chikaphimba Blantyre, mphamvu idzakhala yocheperako, kotero kuti tisadzaganize kuti zipangizo zawonongeka.

Ndithokozenso a khansala a dera lathu ndi akuluakulu a kukhonsolo amene anatilandira ndi kutithandiza kulemba mgwirizano. Kwa ine, pepala limeneli ndi lofunika mofanana ndi mapanelo omwe, chifukwa likunena momveka kuti zipangizozi ndi za msika, silola munthu kuzichotsa padenga popanda komiti ndi khonsolo kugwirizana, komanso likutchula amene azikonza zikawonongeka. Taona m'malo ambiri sola yoperekedwa mwaulere ikuyaka zaka zochepa kenaka n'kuzima, osati chifukwa mapanelo afa, koma chifukwa palibe amene anasunga ndalama yogulira batire lina. N'chifukwa chake tinasankha batire la lithium, lomwe ndi lokwera mtengo koma limakhalitsa kuposa wamba, ndipo tinagwirizana kuti gawo la ndalama zolipira kuzimbudzi liziikidwa mwezi uliwonse mu akaunti yapadera yomwe anthu atatu ayenera kusainira asanatapepo kalikonse.

Sindingaiwale anyamata onyamula katundu amene anakweza mapanelo padenga popanda kufunsa malipiro, ndi kalipentala wa pamsika pompano amene anaona kuti mitanda iwiri ya denga inali itadyedwa ndi chiswe, n'kuisintha amisiri asanakwere. Akanapanda iye, tikanaika katundu wodula pa denga lofooka.

Ngongole ya amayi a banki m'khonde sitinamalize kubweza, choncho chopereka chathu chipitirira mpaka itatha. Mabuku onse a ndalama, pamodzi ndi malisiti a chipangizo chilichonse, ali ku ofesi ya msika, ndipo aliyense amene anasonkha ali ndi ufulu wobwera kudzawaona. Msungichuma adzawerenga lipoti lonse pa msonkhano wa amalonda wa mwezi wamawa, pomwe tidzasankhenso anthu awiri oti azitsuka fumbi pamapanelo m'nyengo yachilimwe. Zikomo kwambiri nonse, Ambuye akudalitseni.