Laver Cup: Chikho Chimene Chimapambanidwa Lamulungu

Munthu amene akuonera mpikisano wa tenisi wa Laver Cup koyamba sachedwa kusokonezeka ndi kawerengedwe ka mapointi. Timu ikhoza kulamulira bwalo Lachisanu ndi Loweruka, n'kugona ikutsogola 8-4, koma mawa lake chikho n'kupita kwa anzawo. Zinachitikira Team Europe ku London mu 2022, ndipo zinabwereranso Team World ku Berlin mu 2024. Si ngozi ayi. Malamulo a mpikisanowu anakonzedwa dala kuti zizikhala choncho, ndipo amene wawamvetsa amaonera masewerawa ndi maso ena.

Mpikisanowu unayamba mu Sepitembala 2017 ku Prague. Maganizo ake anachokera kwa Roger Federer ndi kampani yake ya Team8, mogwirizana ndi bungwe la Tennis Australia, potengera mmene Ryder Cup ya gofu imayendera. Dzina lake ndi lolemekeza Rod Laver wa ku Australia, amene anapambana zikho zinayi zikuluzikulu za tenisi m'chaka chimodzi, ndipo anachita zimenezi kawiri, mu 1962 ndi mu 1969. Mbali imodzi kuli Team Europe, osewera aamuna a ku Ulaya, ovala zabuluu. Mbali inayo kuli Team World, a dziko lonse lotsala, ovala zofiira. Amasewera m'nyumba, pa bwalo lolimba lopakidwa utoto wakuda, ndipo malo amasinthasintha: chaka chino ku Ulaya, chaka chamawa kunja kwa Ulaya.

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 6. Atatu amalowa malinga ndi pamene ali pa mndandanda wa ATP, bungwe loyendetsa tenisi ya amuna, ena atatu amasankhidwa ndi kaputeni. Kwa zaka zonse kuyambira 2017 mpaka 2024 makaputeni anali Björn Borg ku Team Europe ndi John McEnroe ku Team World. Mu 2025 anasiyira Yannick Noah ndi Andre Agassi.

Tsopano masamu ake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Masewera onse ndi 12, anayi tsiku lililonse: atatu a mmodzimmodzi, amodzi a awiriawiri. Kupambana Lachisanu kumapereka pointi imodzi, Loweruka mapointi 2, Lamulungu mapointi 3. Mukaphatikiza, Lachisanu pali mapointi 4, Loweruka 8, Lamulungu 12, onse pamodzi 24. Timu yoyamba kufika pa 13 ndiyo yatenga chikho. Ndiye taonani: ngakhale timu itasesa masewera onse 8 a masiku awiri oyamba, imangofika pa 12. Palibe amene anganyamule chikho Lamulungu lisanafike. Theka la mapointi onse lili pa tsiku lomaliza.

Zikathera 12-12, amasewera seti imodzi (gawo limodzi la masewera) ya awiriawiri yoti ithetse mlandu. Zimenezi sizinachitikepo, koma mu 2017 zinangotsala kadontho. Nick Kyrgios anali ndi mpira umodzi woti amalize Federer m'masewera otsiriza. Federer anapulumuka n'kupambana 4-6, 7-6, 11-9, Ulaya n'kutenga chikho 15-9.

11-9 ameneyo akufunika kumufotokoza. Ku Laver Cup kulibe seti yachitatu yonse. Osewera akagawana maseti awiri oyamba, amalowa mu tie-break ya mapointi 10, ndipo wopambana ayenera kusiya mnzake ndi mapointi awiri. Woyamba amaseva kamodzi, kenako aliyense amaseva kawirikawiri, ndipo amasinthana mbali akakwanitsa mapointi 6 aliwonse. Apa ndi pamene akatswiri amagwera. M'maseti aatali, wosewera wamphamvu amakhala ndi nthawi yokonza zolakwa zake. Mu tie-break yotere, kuphonya sevu kawiri motsatizana kapena mpira umodzi wokodwa pa neti n'kokwanira kuti masewera a maola awiri atayike m'mphindi 10. Wosewera wa sevu yolemera, ngakhale ali pansi pa mndandanda, amakhala woopsa kwambiri pamenepa.

Malamulo a kasankhidwe ndi amene amamanga manja kaputeni. Wosewera aliyense ayenera kusewera yekha kamodzi m'masiku awiri oyamba, ndipo palibe amene angasewere yekha koposa kawiri m'mpikisano wonse. Popeza masewera a mmodzimmodzi a Lachisanu ndi Loweruka alipo 6 ndipo osewera alinso 6, aliyense amalowa kamodzi basi. Kaputeni sangabise wosewera wofooka. Chimene angachite n'kumuika Lachisanu, pamene kugonja kumangotaya pointi imodzi. N'chifukwa chake mayina akuluakulu nthawi zambiri simuwaona m'masewera a mmodzimmodzi tsiku loyamba. Amawasungira Loweruka, kenako n'kubwereranso Lamulungu.

Kwa awiriawiri lamulo ndi lakuti osewera osachepera anayi mwa 6 aja alowe, ndipo anthu awiri amene asewerera limodzi sangabwerezenso, kupatula pa seti yothetsa 12-12 ija. Koma munthu mmodzi akhoza kusewera masiku onse atatu, bola azisintha mnzake. Apa ndi pamene McEnroe ankapezera mpata. Mu 2022 Jack Sock, amene sanali pamwamba pa mndandanda wa osewera okha koma anali katswiri weniweni pafupi ndi neti, anasewera ndi Frances Tiafoe Lachisanu, ndi Alex de Minaur Loweruka, ndi Félix Auger-Aliassime Lamulungu. Anapambana kawiri mwa katatuko. Ine ndimaona kuti kaputeni amene amadzaza timu ndi akatswiri osewera okha, osatengako mmodzi wodziwa kuima pa neti ndi kuwerenga mnzake, amakhala wataya mapointi mpikisano usanayambe. Masewera a awiriawiri ali ndi mapointi 6 mwa 24.

Ndipo Lamulungu masewera a awiriawiri ndi amene amatsegula tsiku. Lachisanu ndi Loweruka amabwera pomalizira, koma tsiku lachitatu amakhala oyamba, ndi mapointi 3 pamutu. Mu 2021 ku Boston, Ulaya inafika Lamulungu ikutsogola 11-1. Andrey Rublev ndi Alexander Zverev anapambana masewera oyambawo, mpikisano n'kutha 14-1. Mu 2023 ku Vancouver zinatembenuka: Ben Shelton ndi Tiafoe anatseka nkhani pa 13-2. Zaka ziwiri zimenezi zikusonyezanso kufooka kwa dongosololi. Timu imodzi ikakula mphamvu mopyola, anthu amene anagula matikiti a tsiku lomaliza amangoona masewera amodzi owerengedwa, zotsalazo n'zongosangalatsa.

Koma matimu akafanana mphamvu, Lamulungu limakoma zedi. Tengani London mu 2022. Anthu ambiri amakumbukira Lachisanu usiku, pamene Federer anasewera masewera ake omaliza ali pambali pa Rafael Nadal, n'kugonja kwa Sock ndi Tiafoe 11-9 mu tie-break, kenako Federer ndi Nadal n'kukhala pa benchi akulira, atagwirana manja. Koma usiku umenewo unali wa pointi imodzi yokha. Chikho chinapita Lamulungu. Ulaya inali patsogolo 8-4. Sock ndi Auger-Aliassime anagonjetsa Andy Murray ndi Matteo Berrettini, zinthu n'kukhala 8-7. Auger-Aliassime yemweyo anabwereranso m'bwalo n'kugonjetsa Novak Djokovic, 8-10. Kenako Tiafoe, ataluza seti yoyamba moipa kwa Stefanos Tsitsipas, anapulumuka maulendo anayi pamene mnzakeyo ankangofuna mpira umodzi, n'kupambana. 13-8, chikho choyamba cha Team World pambuyo pogonja maulendo anayi otsatizana.

Ku Berlin mu 2024 chinali chimodzimodzi, kungosintha malaya. Team World inali patsogolo 8-4. Carlos Alcaraz ndi Casper Ruud anatenga a awiriawiri, Shelton anagonjetsa Daniil Medvedev n'kukankhira timu yake pa 11-7, kutsala masewera amodzi okha kuti chikho chikhale chawo. Zverev anagonjetsa Tiafoe, Alcaraz n'kumaliza Taylor Fritz: 13-11. Mwa mapointi 13 amenewo, Alcaraz anali ndi dzanja pa 8. Chaka chotsatira ku San Francisco, Fritz anabweza. Anagonjetsa Alcaraz Loweruka, Zverev Lamulungu, Team World n'kupambana 15-9.

Pali chinthu china chimene simungachione ku mipikisano ikuluikulu ngati Wimbledon. Timu yonse imakhala pa benchi m'mphepete mwa bwalo, ndipo pa nthawi yopuma anzake amabwera kudzanong'oneza wosewera zochita, kamera ndi maikolofoni zili pompo. Anthu ankamva Nadal akuuza Federer koponya mpira. Kwa amene akuphunzira tenisi, mphindi zimenezi ndi sukulu yaulere, ngakhale nthawi zina alangizi amachuluka moti wosewera amadzuka pa mpando ndi malangizo atatu otsutsana.

Odandaula amati ndi chionetsero chabe, ndipo ali ndi mfundo. Mpikisanowu supereka mapointi a pa mndandanda wa ATP, ngakhale kuti unalowa pa kalendala ya ATP mu 2019. Umabwera patangopita masabata awiri mpikisano waukulu wa US Open utatha, osewera ali otopa ndipo ena akuthamangira mipikisano ya ku Asia. Ku Vancouver, Ulaya inalibe Djokovic kapena Alcaraz, ndipo zotsatira zake mwaziona. Dzina lakuti Team World nalonso n'lalikulu kuposa timu yake: ambiri amachokera ku America, Canada, Australia ndi Argentina. Kuchokera kuno ku Africa tingatchule Kevin Anderson wa ku South Africa, amene mu 2018 ku Chicago anagonjetsa Djokovic Loweruka, kenako n'kugonja kwa Zverev m'masewera amene anapereka chikho kwa Ulaya, 13-8. Vutoli si la Laver Cup yokha. Likuonetsa kumene kuli mabwalo, makochi ndi ndalama zolerera ana mu tenisi.

Mu 2026 mpikisanowu ukubwerera ku O2 Arena ku London. Mu Sepitembala, London imakhala kumbuyo kwa nthawi ya ku Malawi ndi Zambia ndi ola limodzi lokha, choncho palibe kudzuka pakati pa usiku ngati mmene zinalili ndi San Francisco. Loweruka usiku, onani zigoli n'kuwerengera kuti timu iliyonse ikufunika kupambana kangati kuti ifike pa 13. Pa 8-4, wotsogola akufunika kupambana kawiri, wotsalira katatu. Kenako yang'anani anthu anayi amene makaputeni awalemba pa masewera oyamba a Lamulungu, ndi ndani mwa iwo amene adzayenera kubwereranso m'bwalo yekha thukuta lisanaume.